Chivundikiro cha aNangondo

ANangondo anatisiya m'mwezi wa Otubru, nthawi imene dzuwa la ku Tete limakhazika pansi ngakhale nkhuku, kukamwa kuli yasa. Thupi atalitengera ku chipinda chozizira cha kuchipatala kuti likadikire abale ochokera ku Tsangano, ife amayi a m'bayiro ya Francisco Manyanga, dera lathu la m'tauni muno, tinatsala pakhonde pawo tikulira. Mwadzidzidzi aMarieta, oyandikana nawo nyumba, anayamba kuseka misozi ili mbwembwembwe. Tinawayang'ana ngati mutu wawazungulira.

"Mwaiwala kodi?" anatero aMarieta. "Si ankanena okha kuti tsiku lomwalira ndi limene adzalemere, poti adzawagoneka mozizira thupi lonse, osati matako okha?"

Maliro anasokonekera pomwepo. Wina anabisa nkhope m'kapulana, chitenje chathu cha kuno, wina anathawira kuseri kwa nyumba kukamalizira chiseko. Munthu ngati aNangondo salirika bwino, ukati ulire umakumbukira pakamwa pawo.

Koma pansi pa chisekocho tonse tinali ndi funso limodzi, ndipo palibe ankalitchula. Pakhonde pomwepo panali konjeladori yawo, chibokosi choyera chakalekale choumitsira madzi, ndipo m'chibokosimo ndi mmene munkachokera chakudya cha ana athu. Nyumba tsopano inali m'manja mwa mwana wawo mmodzi yekhayo, Kustodyo, bwana ku migodi ya malasha ya ku Moatize. Akanangoti khondeli ndikutseka, chibokosi chipite kwa ogula zitsulo, ife tikanalowera kuti? Tinali ndi chifukwa chomuopera, ndipo ndichinena.

Amene sanakhaleko ku Tete sangamvetse kuti kuzizira ndi katundu. ANangondo ankazidziwa bwino chifukwa anabadwira ku Tsangano, kumapiri, kumene chisanu chimawauza masamba a kachewere. Nkhondo itavuta anathawira ku Ntcheu mwana ali kumbuyo, mwamuna wawo anatsalira m'njira. Mtendere utabwera sanabwerere kumudzi kukalima, anakwera galimoto ya kachewere n'kutsikira kuno. Ankasimba kuti atatsika anapempha mankhwala a malungo, anthu n'kuwauza kuti mayi, simukudwala, mwangofika. Kuyambira pamenepo ankakonda kunena kuti kwawo mphawi amadziwika ndi kunjenjemera, kuno amadziwika ndi thukuta, ndiye kuti Mulungu anangotembenuza mphasa koma woigonera ndi yemwe uja.

Konjeladoriyo anaipeza kwa bambo wina wogulitsa nyama ya mbuzi, amene anali atatopa nayo. Injini inali yamoyo, koma mphira wa m'mbali mwa chivundikiro unali utatha, ndiye sichinkatseka. Mmisiri atabwera anati pakufunika mphira watsopano, ndipo wa mtundu umenewo ngwosowa. ANangondo, amene Mulungu sanawamane thupi, anadzimenya kumbuyo n'kunena kuti mphira ali nawo kale wobadwa nawo. Anakwera pachivundikiro n'kukhala, chinatseka kuti thi. Ndi mmene anapezera mpando umene anakhalapo zaka zonse zimene ine ndinawadziwa. Akamakagona ankasanjikapo mphero imene anachokera nayo kwawo.

Ine ndinafika kwa iwo ndi dengu la tomato wa ku Ulongwe amene anali atasanduka msuzi tsiku lisanathe. Mayi wina kumsika anandiona ndikulira n'kundilozera njira. ANangondo anasuzumira m'dengumo ali pampando wawo, mapazi akulendewera.

"Tomato wako wamupha Tete. Mwamuna?"

"Ali kwa wina, mayi."

"Padrinyu woti akugwire dzanja akulowetse ntchito uli naye?"

"Ndilibe."

"Nanenso ndilibe. Kumanga mfundo umatha?"

Ndinati ndimatha. Anatsika akubuula, anatsegula, anandilozera ngodya ya kumanzere n'kuti imeneyo ndi yanga. Sanafunse za mpingo wanga kapena za mtundu wanga.

Ngodya ndi mmene tinkatchulira malo a munthu m'chibokosimo. Umaviika malambe, kusefa, kuthira shuga, kuthira m'timapepala tapulasitiki, kumanga mfundo, n'kukaika pangodya yako. Kukacha zauma gwa, ndiye jelinyu ameneyo. Umalongedza m'kolimani, bokosi losunga zozizira lija, n'kupita naye pageti pa sukulu, poimikira machapa, maminibasi athu aja, kapena kumlatho. Aliyense ankaponya kangachepe ka magetsi, amene zamuvuta mwezi umenewo ankamulumpha. Lamulo lalikulu linali limodzi: ukadzagula konjeladori yakoyako, ngodya usiyire wina, ndipo kwanuko utsegule ngodya ya mayi wina wongofika. Pali manesi, madalaivala ndi aphunzitsi m'tauni muno amene makope awo anagulidwa ndi malambe a m'chibokosi chimenechi.

Musaganize kuti tonse tinakwera. Ambiri tikadali pomwepo. ANangondo ankati makwerero a mphawi ndi a mapesi, ukafika pakati mwana amadwala, phesi n'kuthyoka. Mayi akabwerera konjeladori yake atagulitsa chifukwa cha matenda kapena maliro, sankamufunsa zambiri, ankangotiuza kuti tifinyane. Akaona nthambo zikuluzikulu za magetsi ochokera ku damu ankazikodola ngati munthu, n'kumati zitsikeko kuno zidzamwe madzi, zikuthamangira kuti kwa eni ndalama osapereka moni kwa eni mtsinje.

Chimene ndikufuna mumve bwino ndi ichi. Popeza iwo ndiwo anali chotsekera, mayi aliyense wofuna kutsegula ankayenera kuwadzutsa. Unkaima patsogolo pawo n'kuti, "Odi, aNangondo." Iwo ankayamba ndi kudandaula za mawondo, kenaka n'kutsetsereka, n'kuima pambali iwe ukufukula. Ukachedwa unkamva, "Fulumira iwe, ukutulutsa Tsangano wanga." Ukatseka ankakweranso, asanakhazikike bwino wina wafika. Kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, mayi wamkulu ngati ameneyo ankadzukira ife, ena a msinkhu wa zidzukulu zawo. Tinawapempha kuti masana aziikapo mphero ija, iwo apume pamkeka. Anakana, ati mwala sufunsa munthu kuti mwana wagona bwanji. Ndipo ankawonjeza, akukwera movutikira, kuti ntchito ya wokhala pamwamba ndi kudzukira anthu.

Sanali mngelo ayi. Jelinyu wathu ankamudya poyera, ati akulawa shuga, ndipo wa amene wawayankha mwano ankamulawa kawiri. Amayi a ku Tsangano ankawakondera, ngodya zozizira kwambiri zinkagwera iwo. Mayi wina amene anayambira pangodya n'kufika potsegula sitolo, koma osatsegulira mnzake ngodya, ankavutika akamadutsa pagalimoto magalasi atatseka. ANangondo ankaimirira n'kumubayibitsa ndi manja onse awiri, akumuitana ndi dzina lake lakumudzi, mpaka mayiyo anasintha njira.

Mkangano wawo wotchuka unali ndi aMarieta. AMarieta ndi Mnyungwe wa konkuno, ndipo akapsa mtima ankatitchula tonse kuti a ku Malawi, ngakhale ife obadwira ku Angoniya. Tsiku lina anabisa nsomba za pende pansi pa jelinyu wawo, n'kuziiwala. Malambe a bayiro yonse ananunkha Zambezi, ana asukulu n'kuyamba kufunsa ngati tili ndi jelinyu wa mamba. Awiriwo sanalankhulane nyengo yonse ya masau. Koma aMarieta akabwera n'kuima chete ndi chidebe, aNangondo ankatsikabe, nkhope atalozetsa kwina, n'kumauza khoma kuti anthu ena akatsegula azifulumira.

Tsopano za Kustodyo. Mwanayu anakulira pakhonde lomweli, ndipo mayi ake akapita kukapikula malambe ankadya kwa aMarieta. Sukulu anali nayo mutu. Malasha atayamba kukumbidwa mwamphamvu, tauni inadzaza alendo, nyumba za renda zinakwera, tomato anakwera, ife tinkangoona magalimoto oyera akudutsa. Kustodyo anali mmodzi mwa ochepa a kwathu amene chitseko chinawatsegukira. Anayamba ndi kuyendetsa zimakina, kenaka anakhala woyang'anira anzake. Anakwatira Dona Ivoni, anamanga nyumba ku Chingodzi, kutsidya kwa mlatho, ya mpanda wautali ndi mlonda pageti. M'chipinda chilichonse anaikamo makina oziziritsa, amene mayi ake ankawatchula kuti Tsangano wa pakhoma. Tinkamunyadira, chifukwa mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Chaka china aNangondo anaterereka potsika, bondo linatupa. Kustodyo anabwera atakwiya, anati mayi ake sangamakalambire pachibokosi ngati alibe mwana, n'kuwanyamula kupita nawo ku Chingodzi. Ife tinatsala ndi mphero. Inkatseka ndithu, koma khonde linangoti zii, ndipo tinayamba kukanganirana ngodya.

Sipanapite masiku ambiri, foni ya aMarieta inalira. Anali aNangondo, akunong'ona ngati aona mfiti.

"Kumadre, mnzanga, kuno kuli konjeladori yoti munthu n'kugonamo ndi mwamuna wake. Mukudziwa zili m'katimo? Nkhuku imodzi ndi mabotolo a mowa. Kuzizira konseku kukungotayika. Bwerani ndi zidebe."

Tinakwera chapa ndi zidebe zathu, tinawoloka mlatho. Mlonda anatsegula, nanga akanakaniza bwanji alendo a mayi a bwana? Tinawapeza aNangondo atavala juzi ndi chipewa cha ubweya, ati mwana wawo wagwira ntchito zaka zonsezi kuti agule chisanu chimene iwo anachithawa chaulere. Tinakhala pansi pa matailosi ozizira, miyendo tambalale, tikumanga mfundo ndi kuimba. Kunena zoona sindinamangepo jelinyu mokoma chotero. Tinapitako kangapo. Dona Ivoni anatipeza tsiku lina, anagwira pakamwa, kenaka anaseka n'kupempha awiri oti alawe.

Loweruka lina masana geti linatseguka, Kustodyo analowa ndi alendo a kuntchito, ena azungu, ena a ku Maputo. Anatipeza tili mbwee pabalaza, malambe ali m'mabeseni, aMarieta atatsamira sofa. Tinasiya kuimba. Mlendo wina anafunsa mwaulemu m'Chipwitikizi kuti amayiwa ndani. Kustodyo sanatiyang'ane. Anayankha m'Chipwitikizi momwemo kuti ndi azimayi ogulitsagulitsa a m'misewu, akutuluka pompano.

Ine zinandiwawa, koma ndinayang'ana aMarieta, amene anamusambitsapo mwanayo ndi manja awo. Anangoweramitsa mutu n'kuyamba kutolera timapepala. Chipwitikizi cha aNangondo chinali cha kumsika, koma mawu amenewo anawamva. Sanakalipe. Anavula juzi, anaipinda bwinobwino n'kuiika pasofa. Anapereka moni wa m'manja kwa mlendo aliyense, kenaka m'Chipwitikizi chawo chothyokathyoka anati iwonso ndi mayi wogulitsagulitsa, ndiye nawonso akutuluka.

"Mama," anatero Kustodyo motsitsa mawu, "bondo lanu."

"Lachira."

Anatuluka nafe akutsimphina, chidebe cha wina chili m'manja. Jelinyu wathu yense anatsala m'konjeladori ya bwana. M'chapa, titafika pakati pa mlatho, aNangondo anapukuta m'maso n'kunena kuti mwana anamuphunzitsa kukwera koma anaiwala kumuphunzitsa kutsika. AMarieta anati wakwera pamsana pa njovu, akuti pansi palibe mame. Tsiku lomwelo mphero inachotsedwa, mwini mpando anabwerera.

Panapita milungu. Lamulungu lina, anthu atatuluka m'tchalitchi, galimoto ya Kustodyo inaima pamsewu. Anatsika atavala malaya oyera ndi buluku la kuofesi, n'kutsitsa makolimani odzaza jelinyu wathu. Ine ndinalipo, ndinkasefa malambe. Anaima pabwalo ngati mlendo.

"Mama, ndabweretsa katundu wa anzanu."

"Anzanga ati? Ogulitsagulitsa aja?"

ANangondo anatiuza kuti tilongedze jelinyuyo m'chibokosi, ndipo titatha sanakwerenso.

"Bondo likundiwawa lero. Takhala apa iwe, chivundikiro chisatseguke."

Kustodyo anayang'ana chivundikiro cha dzimbiricho, anayang'ana buluku lake, n'kukwera. Mayi ake anayala mkeka, anakhala pansi, anaitana aMarieta pampanda n'kuwauza kuti alengeze bayiro yonse: katundu wabwera, aliyense adzatenge wake, koma azibwera mmodzimmodzi.

Woyamba anafika n'kuima, osadziwa chochita. ANangondo anamuuza kuti aodire monga mwa masiku onse. Mayiyo anati odi. Bwana wa ku Moatize anatsika n'kuima pambali.

"Ameneyu ndani?" anafunsa aNangondo.

"Ndi aNaphiri, Mama."

"A kuti?"

"A ku Domwe. Ankandisokera yunifolomu."

"Ndiye wawapatsa moni?"

Anapereka moni, manja awiri, atawerama. Anakweranso. Wachiwiri anafika, anatsika. Wachitatu, anatsika. Chimene chinatikhudza n'chakuti sanaphonye dzina ngakhale limodzi. Ankatidziwa tonse, ndi kwathu komwe, ndi mayina a ana athu. Dzuwa linakwera, malaya oyera anamatirira pamsana, anthu anadzaza pamsewu kudzaonerera. Poyamba nkhope yake inali youma, koma pofika pakati anayamba kuseka yekha, n'kumabuula za mawondo ngati mayi ake.

AMarieta anabwera komalizira, opanda chidebe, manja ali kumbuyo, n'kumulonjera m'Chinyungwe chawo.

"Muli tani, patrau, bwana wathu? Odi."

Kustodyo anatsika. AMarieta anatsegula, anasuzumira, anatseka. Iye atangokwera, anati odi kachiwiri. Anatsika. Anachita zimenezi mpaka anthu anagwa nacho chiseko. Kenaka Kustodyo sanakwerenso, anagwada pasimenti n'kugwira mapazi awo.

"Titiya, azakhali anga, ndinalakwa. Ndinachita manyazi ndi anthu amene anandidyetsa."

AMarieta anamuyang'ana. Kenaka anati, "Dzuka, mwanawe. Tandithandiza kuyang'ana ngati nsomba yanga ilimo." Ngakhale aNangondo anaseka mpaka kutsokomola. Buluku lija linabwerera ku Chingodzi lili ndi chizindikiro cha dzimbiri kumatako, ndipo Dona Ivoni anatiuza kuti silinayerenso.

Kustodyo sanasauke, mpanda wake sunagwe, ndipo ife sitinalemere. Koma Lamulungu ankabwera, n'kukhala pachivundikiro kuti mayi ake apume. Ngakhale zinali choncho, pamaliro paja mitima inali m'mwamba. Munthu amatha kulemekeza zinthu chifukwa mayi ake akumuona, nanga maso ajawo atatsekeka?

Titaika maliro, abale anakambirana zawo m'nyumba, ife sanatiitane. Patapita masiku galimoto ija inabweranso, ndipo kutsogolo kunali bambo wonyamula thumba la zipangizo. Tinaganiza kuti ndi wogula zitsulo. AMarieta anamanga kapulana m'chiuno, anachotsa mphero, anakwera pachivundikiro n'kupinda manja, ati chibokosichi chikapita apite nacho pamodzi. Kustodyo anafika n'kuima patsogolo pawo.

"Odi, titiya."

AMarieta anatiyang'ana. Lamulo la mpando umenewo tonse tinkalidziwa. Anatsika, misozi ili m'maso. Bambo uja anatsegula thumba n'kutulutsa mphira watsopano, wautali, woyera.

"Ndaufunafuna mpaka ku Beira," anatero Kustodyo. "Ine sindingathe kukhalapo tsiku lililonse, ndipo pano palibe amene ali ndi thupi la Mama. M'nyumbamu mulowa anthu, koma khonde ndi magetsi ake ndi zanu. Titiya, muziyang'anira ndinu. Nsomba zokha ayi."

Nthungululu zinamveka mpaka kumsika. Mmisiri atamaliza anasisita chivundikiro n'kunena kuti pakatipa pafwapuka, atha kupawongola ndi nyundo kuti pakhale ngati patsopano. Sindikudziwa amene anayamba kukana, ife kapena Kustodyo, koma bamboyo anabweza nyundo m'thumba mwamsanga.

Lero konjeladori ilipo, ikulira monga kale, ndipo chivundikiro chimatseka chokha. Ngodya ya kumanzere ili ndi mayi wina wa ku Tsangano amene aNangondo sanamuone. Mphero ili pansi pakona, tinasiya kuigwiritsa ntchito. Pakati pa chivundikiro pali chibowo chachikulu chosaya, penti inachoka mbali ziwiri, ndipo kutsogolo kuli timizere tiwiri takuda pamene zidendene zawo zinkagunda. M'mawa mumadikha timadzi, masana taphwa. Palibe amakhalapo, ngakhale mwana wotopa amakakhala pansi. Palibenso wotiuza kuti tifulumire, ndiye timatsegula nthawi imene tafuna. Koma ndaona amayi anzanga, ndipo nanenso ndimatero: timafika ndi chidebe, timaima patsogolo pake, timati odi, n'kudikira pang'ono.